Dikirani kaye mayi, musathire sopo pamalopo

Mayi, mwati madzi a m'chitsime chanu ku Chibavi ayamba kununkha dizilo, pamwamba pa ndowa pakuoneka ngati utawaleza, ndipo mukuganizira galaja yoyandikana nanu. Mwafunsa ngati n'zoona kuti kuthira sopo waufa pomwe pada ndi oyilo kumayeretsa dothi. Chonde musathire.

Amene wakuuzaniyo sananame zonse. Mu sopo muli mankhwala otchedwa ma surfactant, omwe mbali ina amagwira madzi, mbali ina amakakamira mafuta. Taganizirani chiwaya chokazingira mandasi. Madzi okha amangotsetsereka pamwamba pa mafuta, koma mukaika sopo madzi aja amatuwa. Mafuta sanathe ayi, angogawika tizidutswa tosaoneka n'kulowa m'madzimo. Chiwaya chimayera chifukwa madzi otuwa aja mwawataya kwina.

Nanga pansi pa nthaka mudzawataya kuti? Dizilo yemwe anakakamira dothi, sopo amumasula, mvula yathu ya ku Mzuzu ino, yomwe imagwa mpaka Epulo, n'kumutsitsira kumunsi. Kumunsi kwanu kuli dambo, madzi ali pafupi, zitsime n'zosazama. Vuto la pakhomo limodzi lifika kwa anansi onse.

Akatswiri njirayi amaigwiritsa ntchito ndithu. Mu 1996, ku Hill Air Force Base, malo a asilikali a ndege ku Utah, m'dziko la America, anachotsa nayo mankhwala otsukira zitsulo otchedwa TCE pafupifupi onse pamalo pomwe ankayeserapo. Koma anaboola zitsime zamitundu iwiri: zina zolowetsera surfactant, zina zopopera madzi oipawo kuti atuluke akayeretsedwe pamtunda. Chinsinsi chagona pa kupopako. Komanso njirayi imayenda bwino mumchenga ndi m'miyala ing'onoing'ono, momwe madzi amadutsa mosavuta. Katondo wathuyu ngwomata, salola madzi kuyenda komwe munthu akufuna.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Pagalaja pamatayikanso petulo, ndipo mu petulo muli benzene, yemwe amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la WHO limati asapitirire mamaikirogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa, mlingo womwe mphuno zathu sizingaumve. WaterGuard amapha tizilombo, sachotsa mafuta. Kuwiritsa nako musadalire, mungopumira nthunzi yake kukhitchini. Lekani kumwa ndi kuphikira madziwo lero lomwe, muzikatunga pampopi wa Northern Region Water Board ngakhale kuli kolipira.

Kenako pitani kwa abambo a galajayo mwaulemu, ndi a mfumu ngati n'kotheka. Oyilo wakutha aziika m'diramu lotseka, pomwe amagwirira ntchito apakepo simenti. Dothi lakudalo likumbidwe, liyalidwe papulasitiki yolimba pansi pa denga kutali ndi chitsime, lisakanizidwe ndi manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe n'kumalitembenuza sabata iliyonse. Tizilombo ta m'nthaka timadya dizilo pang'onopang'ono, ngakhale oyilo wakuda amavuta kwambiri ndipo dothi lake musadzalimepo masamba.

Akakana, kanenani ku khonsolo ya mzinda komanso ku MEPA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017. Jambulani malowo ndi madzi a m'ndowa aja musanapite, ndipo mukapemphe kuti madziwo ayezedwe mafuta, osati tizilombo tokha.