Zoti m'nkhalango zamvula mtengo uliwonse ndi wamtundu wakewake

Achemwali, mwafunsa za homuweki ya mwana wanu: aphunzitsi ati m'nkhalango zamvula yambiri, ngati za ku Amazon ndi ku Congo, muli mitundu ya mitengo masauzande, ndiye mwana akufunsa ngati mtengo uliwonse umasiyana ndi woyandikana nawo. Ndisanabwere kuno ku Joni kudzagwira ntchito ya m'magadeni ndinaphunzirako za nkhalango ku Chongoni ku Dedza, ndipo nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri.

Aphunzitsiwo sananame. Ku Peru ndi ku Ecuador kuli malo omwe pa hekitala imodzi, malo okulirapo pang'ono kuposa bwalo la mpira, anawerenga mitundu pafupifupi 300. Koma mitundu kuchuluka sizitanthauza kuti yonse ndi yofanana chiwerengero. Mu 2013 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Hans ter Steege linapeza kuti ku Amazon kuli mitengo pafupifupi 390 biliyoni ya mitundu pafupifupi 16,000, koma theka la mitengo yonseyo ndi la mitundu 227 yokha. Pa kafukufukuyo wochulukitsitsa unali wina wa banja la kanjedza, dzina lake Euterpe precatoria. Kumbali inayo, mitundu pafupifupi 6,000 ili ndi mitengo yosafika 1,000 pa mtundu uliwonse, mu Amazon monse muja. Mutha kuyenda moyo wanu wonse m'nkhalangomo osakumana nawo ngakhale umodzi.

Chimene chinandidabwitsa ine chinatuluka mu 2024. Ofufuza otsogozedwa ndi a ku University College London anaphatikiza mitengo yoposa miliyoni imodzi yoyezedwa pa malo 1,568 mu Africa, Amazon ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Konseko anapeza chimodzimodzi: mitundu pafupifupi iwiri pa 100 iliyonse ndiyo imatenga theka la mitengo. Tangoganizani, nkhalango zolekanitsidwa ndi nyanja zamchere, mitengo yake yosiyana, mbiri yake yosiyana, za kuno ku Africa zinafotapo kangapo nyengo itauma kalekale, koma kagawidwe kake n'kamodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani yochulukayo simeza inzake? Chimodzi mwa zifukwa anachifotokoza akatswiri a zachilengedwe Daniel Janzen ndi Joseph Connell cha m'ma 1970. Pansi pa mtengo waukulu m'pamene pamadzadza tizilombo ndi matenda a mtundu womwewo, ndiye njere zogwera patsinde zimafumbwa, mbande zake n'kufa. Imene imapulumuka ndi njere yotengedwa kutali ndi mbalame, nyani kapena mleme. Malo otsala patsinde paja amamera mtundu wina. Alimi timazidziwa izi: ukabzala fodya kapena tomato pamalo amodzi chaka ndi chaka, nthaka imagwira matenda.

Komabe ilipo ina yosamvera lamuloli. Ku Ituri m'dziko la Congo kuli mtengo wotchedwa limbali umene umadzaza nkhalango wokhawokha mtunda wautali. Njere zake n'zazikulu ndi zolemera, zimagwera pafupi, ndipo mbande zake zimapirira mthunzi wandiweyani kwa zaka zambiri kudikira kholo ligwe. Ndi wa banja la nyemba, pachibale ndi mombo, tsamba ndi mchenga wa kwathu. Kumbukirani tchire la kumudzi mmene munkatola nkhuni ndi kuzula bowa: kulikonse mombo ndi tsamba, masuku apo ndi apo, koma mlombwa kapena mbawa mumachita kuuyendera. Limenelo si nkhalango yamvula ayi, yathu yotero ili pamwamba pa phiri la Ntchisi ndi ku Misuku, koma chithunzi chake n'chomwecho.

Mwanayo mum'tengere panja aone ndi maso. Johannesburg anali dambo la udzu, mitengo yambiri tikuionayi ndi yobzala. Ayende msewu umodzi ndi kope, azilemba mtengo uliwonse. Apeza jakaranda, amene kwawo ndi ku South America, ndi London plane zikubwerezabwereza, ina n'kuoneka kamodzi kokha. Pa London plane ayang'anitsitse khungwa. Ine ndimaona timabowo tating'ono ngati poboola ndi singano, pena pakuchucha madzi akuda. Ndi kachikumbu kochokera ku Asia komwe kanadziwika muno mu South Africa mu 2017, ndipo mumsewu wa mtundu umodzi kamangodumpha mtengo ndi mtengo. Zimandiwawa kudula mtengo umene unabzalidwa agogo anga asanabadwe.

Pa homuwekipo alembe kuti mitundu ndi yambirimbiri, koma yowerengeka ndiyo yochuluka ndipo yotsalayo ndi yosowa, aikepo 227 ndi 16,000 uja. Mitengo ya mumsewu imene angalephere kuitchula dzina muijambule masamba ndi khungwa, muponye muno m'gulu, ndiyankha madzulo ndikaweruka.