Agogo akutchulidwa ufiti m'mudzi momwe ndikukhala, ndiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wamkazi wa pasukulu ya pulayimale m'boma la Ntcheu, ndipo wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Akuti pafupi ndi pomwe akuchita lendi pali agogo ena aakazi okhala okha. Ana awo ena anamwalira, wotsala ali ku Joni. Chimwalirireni mwana wa pabanja lina loyandikana nawo, anthu ayamba kuwanena kuti ndi mfiti. Akafika pamjigo amayi amanyamula zidebe n'kumwazikana, madzulo ana amagenda padenga. Funso lake ndi ili: "Ndalama ndilibe, kuno ndine wobwera, ndipo ndikuopa kuti nanenso anditchula mfiti. Kodi ndiyambitse bungwe lothandiza okalamba, kapena ndizingowagulira ufa mwakachetechete?"

Achemwali, zikomo polemba. Pa ziwiri mwatchulazo, palibe chimene ndingakuuzeni kuti muyambire. Bungwe limafuna kulembetsa, malamulo ake, akaunti ya kubanki ndi misonkhano ya komiti, ndipo pomwe zonsezo zikutha agogowo angakhale atagwetseredwa kale nyumba. Ufa wopereka mobisa ndi wabwino kumimba, koma sukhudza chimene chawaika agogowo pangozi. Ngozi yawo ndi yakuti pakhomo pawo sipafikanso munthu, ndipo aliyense m'mudzimo akudziwa kuti atawachita chipongwe palibe angafunse.

Anthu sayamba ndi kupha. Amayamba ndi kusiya kupereka moni, kenako kusiya kupempha moto, kenako miyala ya ana imene akuluakulu amaiona koma osadzudzula. Chotsalira chimakhala maliro amodzi basi. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe. Mu Disembala 2022 tonse tinaona kanema wa ku Mzimba, amayi awiri okalamba akuzunzidwa kumanda ndi kuumirizidwa kukwirira dzenje okha, khamu la anthu likuonerera. Nkhani zonse ziwirizi zinaphulika chifukwa cha imfa. Mtima wa anthu ofedwa suyankhulika, ndiye ntchito yanu iyenera kugwirika pano, m'mudzi mukadali bata.

Yambani ndi kupita masana, anthu akuona. Khalani pakhonde, osati m'nyumba. Atongolereni chimanga, asesereni pabwalo, tengani ndowa yawo mukatunge nokha pamjigo womwe uja, ndipo wina akafunsa muyankhe mosabisa kuti madziwa ndi a agogo. Akakupatsani mbatata kapena mtedza wokazinga, idyani pomwepo. Chimenechi ndikuchinenetsa, chifukwa mphekesera ya ufiti imakhazikika kwambiri pa chakudya: akuti osadya za pakhomo paja. Mphunzitsi akadya mbatata ya agogo Lachiwiri, n'kuonekanso Lachitatu ali bwinobwino akulemba pabolodi, pali amayi ena amene ayamba kudzifunsa okha mumtima, ngakhale sadzakuuzani.

Koma musapite nokha nthawi zonse, ndipo apa ndiye payankhidwe mantha anu aja. Wobwera mmodzi n'zosavuta kumunamizira. Amayi asanu a yunifolomu ya mpingo n'kovuta. Funsani kuti agogowo ankapemphera kuti asanafooke miyendo. Ngati ndi a CCAP, kaonaneni ndi amayi a Mvano. Ngati ndi Akatolika, mphakati wa m'deralo. Ngati ndi a Seventh Day, a Dorika. Ngati ndi Asilamu, ashehe ndi amayi a kumzikiti. Kuyendera odwala ndi okalamba ndi ntchito yawo kale, simukuwapempha chachilendo. Musawauze kuti tiyeni tikateteze mfiti yonamiziridwa. Auzeni kuti denga la membala wawo likudontha ndipo mvula yayandikira. Anyamata akabwera kudzafolera, amayi n'kuzira pansi, nyimbo n'kumveka mpaka kumsewu, mudzi wonse umva kuti pakhomo paja pali eni ake.

Kwa amfumu pitani msanga, mwaulemu wake, ndi munthu wamkulu wa m'mudzimo wokuperekezani. Musakatsutsane nawo zakuti ufiti ulipo kapena kulibe. Mkangano umenewo simungaupambane pabwalo, ndipo anzanu amene mukufuna akuthandizeni ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti ulipo. Kayankhuleni za lamulo. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti ndi mlandu, kumwetsa mwavi ndi mlandu, ndipo mfumu yolekerera zimenezi m'mudzi mwake nayonso imayankha. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Mafumu ambiri safuna galimoto ya polisi m'mudzi mwawo. Mukawafikira ngati munthu wowatchinjiriza ku vutolo, osati wodzawaphunzitsa ufumu, nthawi zambiri amaitanitsa msonkhano okha.

Mukatero kadziwitseni apolisi a m'mudzi komanso a Victim Support Unit (ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza) kupolisi yapafupi, ndi a ofesi ya Social Welfare paboma. Ndikudziwa kuti ena aseka powerenga izi, poti tonse tamvapo yankho lakuti galimoto ilibe mafuta. Komabe pali kusiyana pakati pa foni yoimbidwa usiku ndi munthu wosadziwika, ndi foni yochokera kwa mphunzitsi amene anabwera kale kudzalembetsa dandaulo. Sungani kope: tsiku limene anagenda, mawu amene ananenedwa, amene analipo. Bungwe la MANEPO, lomwe limaimira mabungwe a anthu achikulire m'dziko muno, lakhala likutsatira milandu yotere, ndipo ndi bwino nalonso lidziwe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muziyang'anitsitse mukamacheza nawo. Choyamba ndi thanzi la m'mutu. Okalamba ena amadwala matenda oiwalaiwala: amadzuka usiku n'kusochera, amapezeka m'mawa pakhomo pa eni ake mwina asanavale bwino, amayankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale, ndipo mukawapanikiza ndi mafunso amavomera chilichonse. M'mudzi zimenezi zimamasuliridwa kuti mfiti yagwa pandege kapena yaulula yokha. Ngati mwaona zizindikiro zotere, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, apite nawo kuchipatala, ndipo zilembedwe m'kabuku kawo. Mawu a mlangizi pamsonkhano wa m'mudzi amalemera kuposa anu ndi anga.

Chachiwiri ndi munda. Funsani mwanzeru kuti dimba kapena munda wa agogowo akuulima ndani, ndipo ndani angautenge iwo atathamangitsidwa. Kawirikawiri woyambitsa mphekesera sakhala mlendo, amakhala wachibale. Mukapeza kuti nkhani yagona pamenepo, mwana wa ku Joni uja ayenera kuimbiridwa foni. Ngakhale atalephera kubwera, aziimba pa WhatsApp kudzera pafoni yanu, ndipo ayankhulenso ndi amfumu ndi ankhoswe a pabanjapo kuti adziwe zoti mayi ake sanatayidwe.

Za ndalama, musadzisenzetse katundu woposa malipiro anu. Onani ngati ali ndi chiphaso cha unzika, chifukwa popanda chimenecho thandizo lambiri la boma limawadutsa. Funsani a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ngati dzina lawo linaganiziridwapo pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 yothandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Malo ndi ochepa ndipo kulemba sikuchitika tsiku lililonse, choncho musawalonjeze kanthu. Ndikupempheninso chimodzi: musawajambule n'kuika pa Facebook kuti anthu athandize. Chithunzi cha nkhalamba chokhala ndi mawu oti "akumunena ufiti" chimayenda kutali kuposa thandizo limene chingabweretse, ndipo a m'mudzimo akachiona adzati mwawayalutsa.

Muli ndi chida china chimene ambiri alibe, kalasi. Ana ogenda aja m'mawa amakhala patsogolo panu. Simufunika kutchula dzina la agogowo. Kambiranani ndi ahedi ndi komiti ya sukulu kuti ana a Sitandade 7 ndi 8 azikatola nkhuni kapena kusesa kwa okalamba onse a m'midzi yozungulira, agogo anuwo akhale amodzi mwa iwo, makolo atauzidwa bwino lomwe.

Kukagwa maliro ena m'mudzimo, usiku umenewo agogowo asagone okha. Konzeranitu lero lomwe kuti ndi nyumba iti ingawasunge, kaya kwa abusa kaya kwa ahedi, ndipo nambala za apolisi a m'mudzi ndi za amfumu zikhale kale m'foni mwanu. Mudzandilemberenso mukakaonana ndi amayi a kumpingo kuja.