Maofesi ndi awiri, koma amayi anga ndi munthu mmodzi

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri ndisanagone. Mukuti bambo anu, amene munawatenga ku Zomba kudzakhala nanu kuno ku America, akunyozedwa kumalo kumene okalamba amakadyera masana, ndiye mukufunsa ngati mukadandaule ku komishoni yoona za tsankho kapena yoona za okalamba. Njira imeneyi ndinayendamo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

Amayi anga anafika ku Indiana ali ndi zaka 74. Kwathu ku Ntcheu nsima ya pamaliro sinkaphikidwa iwo asanafike, ndipo banja likagwedezeka ankathamangira kwa iwo. Kuno anasanduka munthu wa pawindo. Ine kuntchito, ana kusukulu, iwo tsiku lonse maso ali panja, kuzizira kosatulukika. Nditawapezera malo ena a okalamba ndinasangalala kwambiri. Anapitako masabata atatu basi. Tsiku lina ndikuwakonzera jekete anangoti, "Mwanawe, kumene kuja sindipitakonso." Ndinachita kuwanyengerera kuti afotokoze. Akakhala patebulo, mayi wina ankanyamula mbale yake n'kusamuka. Wogwira ntchito wina ankawakuwira ngati ndi ogontha, chonsecho vuto linali Chingerezi. Mafomu ankangowaponyera, ati akabwere ndi mwana wawo. Anapirira zonsezi osandiuza, poopa kundisokoneza pantchito.

Ndinaimba foni ku ofesi ina, anandiuza kuti nkhaniyo ndi ya tsankho, si yawo. Ku ofesi inayo anandifunsa ngati amayi anakanizidwa chakudya. Ndinati ayi, chakudya ankalandira. Pamenepo ndinamva mawu a munthuyo akuzilala.

Ndinayamba kuwerenga kuti ndimvetse. Makomishoni a za tsankho ndi akale ndithu: Connecticut inakhazikitsa yake mu 1943, New York mu 1945, ndipo nkhondo yawo yaikulu inali ya munthu wakuda womanidwa ntchito, kenako nyumba. Za okalamba zinakula padera, makamaka ndi lamulo la Older Americans Act la 1965, ndipo mu 1973 kunabwera maofesi a m'madera otchedwa Area Agency on Aging. Zonsezi ndi ntchito zabwino, sindikuzipeputsa. Koma anazimanga ngati nyumba ziwiri zofulatirana. Gogo wakuda, wobwera, wosadziwa Chingerezi amagwera pakati, ndipo ine ndikunena mosabisa kuti kumeneku n'kulephera kwa boma. Si udindo wa nkhalamba kugawa chipongwe chimene yalandira kuti ichi n'cha khungu, ichi n'cha zaka, ichi n'cha lilime. Komishoni imene pamipando yake palibe aliyense amene anaperekezapo kholo lake losamva Chingerezi kuchipatala idzalemba malipoti okongola, koma tebulo lija lidzakhalabe la munthu mmodzi.

Ndipo ifenso tisadzitame. Timakonda kunena kuti kwathu timalemekeza akuluakulu, koma ndi kwathu komweko kumene agogo amagendedwa ndi kuwotcheredwa nyumba powanamizira ufiti, nthawi zina ndi adzukulu awo omwe. Kunonso timawabweretsa makolo kuti azitilerera ana, osaganiza kuti anasiya anzawo, mpingo wawo, munda wawo. Ine ndinatero. Ndinkati amayi ali pabwino chifukwa m'nyumba mukufunda ndipo mufiliji muli nyama.

Chimene chinawadzutsa si ofesi ayi. Ndi amayi atatu a kutchalitchi, mmodzi wa ku Chipata, amene anayamba kukumana nawo Lachinayi lililonse, kuphika nyemba ndi kuimba nyimbo za chigwirizano.

Tsono mungatani?

Pitani konse kuwiri, musasankhe. Yambani ndi Area Agency on Aging ya dera lanu, chifukwa mapulogalamu ambiri a chakudya cha anthu a zaka 60 kupita m'mwamba ndalama zake zimadzera kumeneko, ndipo pemphani womasulira. Lembani tsiku lililonse, zimene zinanenedwa ndi amene analipo. Kenako kasumeni ku komishoni ya ufulu wa anthu ya chigawo chanu mwachangu. Kuno ku Indiana madandaulo ambiri amayenera kuperekedwa asanadutse masiku 180 chichitikireni nkhaniyo. Tchulani Title VI ya Civil Rights Act ya 1964, yoletsa tsankho la mtundu, khungu kapena dziko lochokera pamalo olandira ndalama za boma lalikulu. Musanachite zonsezi, khalani pansi ndi bambo muwafunse ngati akufuna kubwererako, chifukwa amayi anga sanafune.