Ayi achemwali, sikutukwana kumeneko

Achemwali, mwafunsa ngati sewero lotchula ziwalo za mkazi pagulu silikhala longolaula basi. Ine ndikukana.

Sewero la The Vagina Monologues, lomwe mlembi wa ku America Eve Ensler adayamba kulionetsa ku New York mu 1996, lidachokera m'macheza ake ndi amayi pafupifupi 200. Muli za msambo, za kubereka, za kukondwera ndi thupi lako, komanso za amayi omwe adagwiriridwa pa nkhondo ya ku Bosnia. Mu 1998 mudatuluka gulu la V-Day, ndalama zolowera pakhomo n'kumathandiza mabungwe olimbana ndi nkhanza kwa amayi. Ku Uganda adaliletsa mu 2005, ati likuwononga chikhalidwe.

Koma taganizirani kamtsikana kali kupolisi, ku Victim Support Unit. Wapolisi wagwira cholembera, mwana maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje, akungoti "anandipanga zoipa". Kunyumba adamuuza kuti dzina la chiwalocho n'lotukwana, ndiye afotokoze bwanji? Zimenezi zimandiwawa mumtima. Akaona mayi wamkulu akulitchula pabwalo mosachita manyazi, lilime limayamba kumasuka.

Mukapita kokaonera, tenganani ndi mnzanu wapamtima, chifukwa zigawo zina zimaliritsa.