Aphungu amalembera lamulo munthu amene akumuona m'maganizo

Mayi, mwafunsa ngati mmene anthu wamba amaonera ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo zimakhudza malamulo a boma. Ine ndikuti zimakhudza kwambiri, chifukwa phungu akamavomereza chilango amakhala akuona nkhope ya munthu wina wake, ndipo nkhopeyo ikakhala ya mbava kapena chigawenga dzanja lake limalemera.

Ku America m'chaka cha 1986, wailesi zakanema zinkaonetsa crack, amene ndi cocaine wosuta wotsika mtengo, ngati mliri wa achinyamata akuda achiwawa a m'mizinda ikuluikulu. Len Bias, katswiri wachinyamata wa basketball, atamwalira ndi cocaine mu June chaka chimenecho, aphungu anathamangira kukhazikitsa lamulo lakuti wogwidwa pa mlandu wogulitsa magalamu 5 a crack akakhale kundende zaka zosachepera 5, pomwe wa cocaine waufa, amene anthu ankati ndi wa opeza bwino, ankalandira chilango chomwecho akapezeka ndi magalamu 500. Chonsecho mankhwalawo gwero lake ndi limodzi. Zinatenga mpaka 2010 kuti kusiyana kwa magalamuko kutsitsidwe kuchoka pa 100 kwa 1 kufika pa 18 kwa 1, osati kuthetsedwa ayi.

Koma pamene mapiritsi opha ululu monga OxyContin anayamba kupulula ana a azungu m'matauni ang'onoang'ono, chilankhulo chinafewa, okodwawo anayamba kutchedwa odwala, ndipo mu 2017 boma linalengeza kuti limeneli ndi vuto ladzidzidzi la zaumoyo. Sindikudandaula kuti iwowa anachitiridwa chifundo, chondiwawa ndi chakuti anzawo aja anachimanidwa.

Dziko la Portugal linasankha njira ina mu 2001. Wopezeka ndi mankhwala osapitirira mlingo wa masiku 10 sapita kukhoti, koma amakaonekera pamaso pa komiti ya anthu atatu odziwa za malamulo, zaumoyo ndi zachisamaliro cha anthu, pomwe kugulitsa kukadali mlandu.

Kwathu kuno ku Malawi mnyamata wosuta chamba timangoti wapenga, timamuloza zala pamsika, ndipo nkhuku ikasowa m'mudzi woyamba kumuganizira ndi iyeyo. Makolo nawo amamubisa chifukwa cha manyazi mpaka tsiku lomumanga zingwe kupita naye kuchipatala cha amisala. Lamulo la 2020 linaloleza okhala ndi ziphaso kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma mnyamata uja akapezeka ndi ndudu imodzi m'thumba akadali wa apolisi.