Musawalande khadi mayi, athandizeni kupeza PIN yoti ikhale m'mutu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, loti mayi anu a zaka 74 akumaiwala PIN, nambala yachinsinsi ya khadi ya ku banki, ndipo khadi yawo yabulokedwa kawiri chaka chino, ndiye mukufunsa ngati muwalembere nambalayo pakapepala kapena mungotenga khadiyo muzisunga inu. Ine ndikuti zonse ziwirizo dikirani nazo kaye. Ndadutsamo ndi bambo anga zimenezi ndiye ndilemba zambiri pang'ono, mupirire nane.

Kuiwala PIN pakokha si chizindikiro choti mutu wayamba kusokonekera ayi. Nambala imene amapereka ku banki ija ilibe tanthauzo lililonse kwa mwini wake, ndi manambala anayi ongotuluka mu kompyuta basi, ndiye munthu amene amafika pa ATM kamodzi pamwezi aigwira bwanji? Ifeyo timaikumbukira chifukwa timaidina pafupipafupi. Olo John Shepherd-Barron, uja anakonza makina otulutsa ndalama amene anaikidwa ku London mu 1967, iye ankafuna manambala 6 koma mkazi wake anamuuza kuti angathe kukumbukira anayi okha, nkhani inathera pa anayi pomwepo. Ndiye mayi asadzione ngati olephera, ndipo chonde musawakalipire.

Chimene ndinaona kwa bambo anga ndi mantha. Kunyumba ukawafunsa ngati akuikumbukira ankati eya, koma akaima pa makina paja, kumbuyo kuli mzere wa anthu akutsokomola, magalasi awo achita nkhungu, akangolakwitsa kamodzi basi thukuta kamukamu, chala chikunjenjemera, n'kudinanso mofulumira nambala yolakwika yomwe ija. Pomwe makina amakupatsa mwayi katatu kokha, kachitatu khadi yabulokedwa kapena yamezedwa. Ndiye chinthu choyamba chomwe tinagwirizana chinali choti akalakwitsa kawiri adine Cancel, atenge khadi yawo, azipita. Mwayi wachitatuwo ausunge mpaka mtima utakhala pansi. Kachinthu kakang'ono koma kanatichotsera maulendo ambirimbiri okatsegulitsa khadi.

Kenako tinasintha PIN. Anthu ambiri achikulire sadziwa kuti nambala ija utha kuisintha wekha, pa ATM pomwepo pamakhala polemba kuti PIN change, kapena mkati mu banki amakuthandiza. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu wamkulu amaiwala za dzulo koma za zaka 50 zapitazo amazifotokoza ngati zachitika m'mawa uno, ndiye nambala yatsopanoyo ichokere kumeneko, ku zinthu zakale zimene zinakhazikika kale m'mutu. Bambo anga anaimba kwaya moyo wawo wonse, manambala a nyimbo za m'buku amawadziwa olo muwadzutse pakati pa usiku. Ndinangowauza kuti sankhani nyimbo ziwiri zapamtima panu za manambala awiriawiri muziphatikize, musandiuze. Kwa mayi anu itha kukhala nambala yawo ya pantchito yoyamba, nambala ya nyumba yomwe ankakhala ali mtsikana, kaya chaka chimene kunachitika chinthu chomwe amachidziwa okha. Chachikulu asankhe okha, chifukwa mukawasankhira inu ikhalanso yachilendo ngati ya ku banki ija.

Koma isakhale chaka chawo chobadwa, chifukwa chiphaso chimakhala mu chikwama momwemo ndi khadi, wakuba akatola chikwama wapeza zonse. Isakhalenso 1234, 0000, 1111 kapena manambala omaliza a foni yawo. Manambala anayi amatha kusanjidwa m'njira 10,000 ndipo wakuba nayenso ali ndi mwayi utatu wokha, ndiye sawononga nthawi, amayambira pa zomwezi.

Ikasinthidwa aiyeserere. Atenge foni azidina nambalayo pa malo oimbira paja kangapo patsiku n'kufufuta, chifukwa mabatani a foni ndi a ATM anasanjidwa mofanana, 1 2 3 pamwamba. Asayeserere pa kakyuleta, kumeneko pamwamba pali 7 8 9 ndiye chala chizolowera njira yolakwika. Pakapita masabata awiri chala chimayenda chokha. Komanso khadiyo isamangogona mwezi wathunthu, bola aziigwiritsa ntchito kamodzi pa sabata olo pogula kanthu kakang'ono.

Za kapepala zija. Pa khadi penipeni ayi, mu chikwama chimodzi ndi khadi ayinso. Ena amabisa PIN mu foni ngati nambala ya munthu, koma akuba njira imeneyi anaidziwa kalekale. Chomwe chimathandiza ndi kulemba chokumbutsa osati nambala yeniyeniyo. Bambo anga kapepala kawo kali ndi mawu oyamba a nyimbo ziwiri zija, wina akakatola angoti agogo amakonda zopemphera. Ngati mayi akakamira kuti nambala ilembedwe ndithu, ikhale kunyumba pamalo pokhoma, isamayende nawo.

Tsono zotenga khadi kuti muzisunga inu, ndikudziwa mukufuna kuwathandiza ndipo mtima wanu ndi wabwino, koma ndikupempheni musathamangire. Munthu amene anakulerani, amene ankasunga ndalama za banja lonse, lero azipempha kwa mwana wake kuti apatsidwe ndalama zake zomwe, zimapweteka kwambiri olo atapanda kunena. Ine ndinayesapo mwezi umodzi, bambo anangokhala chete osadandaula, koma ndinaona kuti asiya kufunsa olo zinthu zomwe akufunadi, ndinawabwezera. Chinanso, pa mapepala amene anasaina potenga khadi pamalembedwa kuti PIN ndi ya mwini yekha. Tsiku lina ndalama zikasowa ndipo zadziwika kuti nambala inaperekedwa kwa munthu wina, banki itha kukana kubweza. Ndiyenso abale, lero akukuyamikirani kuti mukusamala mayi, mawa ndalama ikapanda kukwana dzina lotchulidwa ndi lanu.

Ngati zafika poti wina azithandiza ndithu, pitani nawo ku banki mukafunse njira yovomerezeka yoti inu muzisaina pa akaunti yawo, kapena mukonze chikalata cha power of attorney, chokupatsani mphamvu yochita zinthu m'malo mwawo, kwa loya. Chimenechi chimafunika kuchita mayi akadali ndi nzeru zawo zonse, mukachedwa zimavuta kwambiri. Muli komweko pemphani kuti meseji izibwera pa foni nthawi iliyonse ndalama ikatuluka, komanso achepetse mlingo wa ndalama zimene khadi ingatulutse patsiku. Ife tinatsegulanso akaunti yachiwiri yopanda khadi, ndalama zambiri zimakhala kumeneko, ku ya khadi kumangopita zogwiritsa ntchito mwezi umenewo.

Muwachenjezenso za anthu okoma mtima a pa ATM aja. Amaona munthu wamkulu akuvutika, amabwera mwaulemu, mayi ndikuthandizeni, akuyang'ana nambala, kenako amabweza khadi ina yofanana mtundu, mwini wake amadzazindikira kunyumba. Akasowa chochita alowe mkati afunse wogwira ntchito, ndipo podina aziphimba ndi dzanja linalo. Za pa foni ndiye zoopsa kuposa, bambo anga anaimbiridwapo ndi munthu wolankhula bwino zedi, akuti akaunti yanu itsekedwa lero tiuzeni nambala imene yabwera pa meseji. Mwamwayi anati dikirani ndifunse mwana wanga, munthu uja anadula foni. Mayi adziwe kuti a banki safunsa PIN, safunsa nambala ya pa meseji ija, olo manambala atatu a kuseri kwa khadi asauze munthu wowaimbira. Ndipo uthenga umayenda m'magulu uja woti ukadina PIN chobwerera m'mbuyo makina amaitana apolisi ndi bodza, asayese n'komwe, angowonongapo mwayi umodzi.

Chimodzi chokha muyang'anitsitse. Ngati kuiwalaku si kwa PIN yokha, mwina akusochera njira yomwe amaidziwa, akufunsa funso limodzi kasanu pa ola, akuiwala mayina a adzukulu, pamenepo apite kuchipatala akaonedwe, chifukwa zina zoyambitsa kuiwala zimachizika ndipo olo atakhala matenda oiwalaiwala a ukalamba aja kudziwa msanga kumakupatsani nthawi yokonza mapepala ndanena aja.

Tsiku lokasintha PIN muwaperekeze, muwaonetse podina, ikafika nthawi yolemba nambala yatsopano inu mutembenukire kumbali adine okha. Ine mpaka lero PIN ya bambo anga sindiidziwa, ndikawaperekeza ndimangowamva ali pa mzere akung'ung'udza nyimbo chapansipansi, yoyamba kenako yachiwiri, akafika pa makina amadina kamodzi ndalama n'kutuluka.