Funsani Tikuyankheni: Njanji ikadzabwera, mawu athu adzamvekera pati?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mlimi wa kachewere wa ku Bembeke, ndipo ndimapita ku Lilongwe kawiri pa sabata kukagulitsa mbewu, koma ndalama ya minibasi ikundidyera phindu lonse. Kodi n'chiyani chikuletsa kuti pakhale sitima yonyamula anthu tsiku ndi tsiku pakati pa Dedza ndi Lilongwe, ndipo ndani amasankha kumene njanji idutse?

YANKHO: Bambo, choyamba tikukumbutseni kuti boma la Dedza lili nayo kale njanji, kungoti inadutsa kumunsi kwa mapiri. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935, kudzera ku Balaka, Bilila ndi Sharpevale m'boma la Ntcheu, kenako Golomoti ndi Mtakataka, ndipo chigawo chochokera ku Salima kukafika ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 1979. Amisiri anasankha chigwa chifukwa sitima siikwera chitunda ngati galimoto. Mawilo ake ndi achitsulo ndipo amayenda pachitsulo chinzake, motero njanji yonyamula katundu wolemera imangokwera mita imodzi kapena awiri pa mamita 100 aliwonse. Tauni ya Dedza ili pamwamba pafupifupi mamita 1,600, kutanthauza kuti inaposa kugombe kwa nyanja ndi mamita oposa 1,000, ndipo aliyense amene anatsikapo pamsewu wokhotakhota wochokera ku Masasa kupita ku Golomoti akudziwa chimene tikunena.

Njanji yolunjika ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, ikhoza kukhala yatsopano kuyambira poyambira mpaka pothera. Isanamangidwe, unduna woona za mtengatenga umayenera kuchititsa kafukufuku wofuna kudziwa kuti ndi anthu angati amayenda njirayo patsiku, amanyamuka nthawi yanji, amanyamula chiyani, komanso angakwanitse kulipira ndalama zingati. Apa ndi pamene nkhani zambiri za sitima ya anthu zimathera, pakuti matikiti okha kawirikawiri sabweza ndalama zomangira ndi kusamalira njanji. Njanji imene kampani ya Vale inamanga kudzera ku Mwanza ndi Neno kukalumikizana ndi yakale pa Nkaya inatheka chifukwa panali malasha a ku Moatize, m'dziko la Mozambique, oyenera kukafika kudoko la Nacala.

Maganizo athu ndi akuti alimi ngati inu musamangofunsa ngati sitima idzabwere, koma muzifunsanso kuti idzaima pati. Njanji imene ilipo imafikira ku Kanengo, kutali ndithu ndi msika waukulu wa mu Lilongwe, ndipo mlimi wotsika kumeneko ndi matumba khumi a kachewere ayenera kulipiranso galimoto ina. Siteshoni ikaikidwa kutali ndi msika wa pa Bembeke kapena wa pa Chimbiya, kapena sitima ikamanyamuka dzuwa litakwera kale, anthu adzabwerera ku minibasi zawo. Zinthu zoterezi akatswiri a mu ofesi sangazidziwe mwa iwo okha. Kazineneni ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu (VDC) kuti zipite ku komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu (ADC), ndipo khansala wanu akazifikitse ku khonsolo zikalowe mu ndondomeko ya chitukuko cha boma, mapu asanajambulidwe.

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa m'dera la Mfumu Kachindamoto. Munda ndi dimba zimene ndimalima anandisiyira malemu mayi anga, ndipo manda a mtundu wathu ali pafupi ndi njanji. Ngati atafuna kuikulitsa kapena kumanga siteshoni yatsopano, kodi angatisamutse osatifunsa?

YANKHO: Mayi, malamulo salola zimenezo. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti katundu wa munthu angatengedwe pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, mwiniwake atadziwitsidwa nthawi yokwanira ndi kupatsidwa chipukutamisozi choyenera, ndipo amene sanakhutire ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafunanso kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi isanayambe pakhale kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo lipoti lake limapita ku bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Kumva maganizo a eni dera ndi mbali ya kafukufuku ameneyo.

Komabe tisakubiseni, msonkhano ukhoza kuchitika koma mawu anu osalowa m'lipoti. Zimachitika kuti alendo amafika, amalankhula ndi mfumu ndi amuna ochepa okhala pamipando kutsogolo, amayi ali phee pansi kumbuyo, kenako pepala la maina limazungulira ndipo amalemba kuti mudzi wavomera. Kwanuko, kumene malo ambiri amayenda kuchikazi ndipo bambo amakhala mkamwini, vuto limeneli ndi lalikulu, pakuti wolemba kalembera akangofunsa kuti mutu wa banja ndani, dzina limene lilowe m'buku ndi la amuna anu, pamene munda ndi wa mbumba yanu. Onetsetsani kuti dzina lanu ndi limene lalembedwa, mwinimbumba ndi nyakwawa ali pomwepo ngati mboni.

Tsiku limene opima malo adzabwere kudzawerenga katundu, musatume mwana. Yendani nawo m'munda monse, muwerengere limodzi mitengo ya mango, nsungwi, chitsime, nkhokwe ndi khola, ndipo musasaine kapena kudinda chala papepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa. Pemphani pepala lanu loti musunge. Dziwaninso kuti ntchito zolipiridwa ndi mabungwe ngati World Bank zimakhala ndi tsiku lotsekera kalembera, ndipo nyumba yomangidwa tsikulo litadutsa siilipiridwa, choncho musamvere okuuzani kuti muumbe njerwa msangamsanga kuti mudzalandire zambiri.

Nkhani ya manda, ngakhalenso dambwe, muitchule pamsonkhano woyamba penipeni, pakuti kukhotetsa mzere papepala n'kosavuta, koma zikhomo zikakhomedwa ndi kontirakitala kusainirana ndi boma, chimene chimatsala ndi kukambirana za kufukula mafupa. Funsaninso za malo owolokera ana asukulu, ng'ombe ndi ngolo, chifukwa njanji ikhoza kusiya mudzi mbali ina, mjigo ndi dimba mbali ina. Ngati ena akukubisirani mapu kapena lipoti, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulemba kalata yopempha zikalatazo ku ofesi ya boma imene ikuzisunga, ndipo ndi bwino kalatayo isainidwe ndi komiti ya mudzi, inu mutsale ndi kope lake lodindidwa tsiku limene ailandira.